Odi pa Manda a ku Oshawa

Vainess anaweruka mochedwa kunyumba yosamalira okalamba ku Oshawa, mzinda wa kumaiko a azungu, ndipo pomwe amatuluka m'famase ndi mankhwala a mwana wake Ulemu, basi yomaliza n'kuti itapita kalekale. Kunyumba mwanayo thupi linali moto.

Njira yachidule inali yodutsa m'manda. Anthu akuno amathamangamo ndi agalu awo, komatu Vainess ndi mwana wa ku Ntcheu, kumene kumanda sulowa ngati kumsika. Anaima pageti, nawerama, naomba m'manja.

"Odi, eni ake!"

"Imani pomwepo! Doko latsekedwa!"

Mayo ine! Patsogolo pake panaima bambo wakuda wa chipewa cha amalinyero. Jekete likudontha madzi... m'chisanu chonsechi! Fungo la mchere. Vainess anafumbatira mankhwala aja.

"Ndine Solomon," anatero m'Chingerezi chachikalekale. "Sitima yanu yanyamulanji?"

Sitima? Aa, basi, gogo wosokonezeka mutu ngati akuntchito aja. Mtima unakhalako pansi.

"Mankhwala, bambo. Mwana akudwala."

Solomon anavula chipewa. "Pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America tinatchinga madoko a oukira. Sitinalole kanthu kulowa, kaya mfuti, kaya mchere, kaya mankhwala. Akapolo anamasuka, inde, koma ana odwala a kutsidyako amandisowetsa tulo." Kenaka anamwetulira mano onse pamtetete. "Ozembetsa katundu ankabwera mwakachetechete, nyali atazimitsa. Inu ndinu oyamba kupempha. Dutsani, ndikuperekezani!"

Anatsogola akuimba mluzu, Vainess pambuyo n'kumaseka yekha. Mpaka anayang'ana pansi. Pachipale chofewa panali mapazi... ake okha.

Geti la mbali inayo linali lomanga ndi tcheni. Solomon anangolilozera chala. Gwejede! Tcheni pansi.

Liwiro lake! Anatulukira pakhomo alibe mpweya, Ulemu anamwa mankhwala, ndipo kunacha akulirira phala.

Masana Vainess anabwerera, atanyamula mandasi, kukafunsa ngati pali gogo amene wasochera. Wosamalira manda anangomulozera mwala wakale pafupi ndi geti, wojambulidwa nangula. Unali wa Solomon, mmalinyero wa sitima zotchinga madoko, amene anamwalira mu 1889.

Vainess anagwada, naika mandasi pamwalapo ndi manja awiri.

"Zikomo, bambo. Katundu uja anafika. Gonani tsopano."