Chipinda cha Nthomba M'sitima ya Corvina

Mtembo wa Derrick, mmodzi wa antchito a m'sitima, anaupeza 7 koloko m'mawa, pansi penipeni pa sitima ya Corvina. Zefaniya anaima pakhomo thukuta likutsikira m'masiki. Zaka zonse zimene anagwira upolisi ku CID ku Zomba sanaopepo mtembo, koma uwu unamuopsa. Kuno anali mlonda chabe, ndipo kwa eni mlonda ndiye amayamba kumangidwa.

Corvina inali nkhalamba ya sitima. Inawolotsapo anthu olemera nyanja zikuluzikulu, kenako asilikali pa nkhondo, mpaka inatopa n'kumangiriridwa padoko la Dubai kuti ikhale hotela. Mliri wa Korona utabuka alendo anabalalika, munatsala antchito ochepa oletsedwa kutsika.

"Ndamva unali wapolisi kwanu," anatero Insipekita Rashid wa polisi ya ku Dubai. "Anthu ako akundibisira mawu. Pofika 4 koloko undipatse munthu, apo ayi ndinyamula iweyo. Khalas, nkhani yatha."

Zefaniya anaunika chipindacho. Chitseko chinali chachitsulo, mpiringidzo uli kunja. M'kati munali bulangete, mphika wa ndimu ndi jinja, ndi chitini cha makala ozima. Zikhadabo za Derrick zinali zothyokathyoka.

Anayamba ndi Imran wophika, yemwe anakangana ndi malemuyo Lamlungu.

"Makala ndi anga, bhai, anandibera," anatero Imran. "Koma chipinda chimenecho ndachiona lero. Funsa aliyense, palibe amachidziwa."

Sankanama. Onse amene anawafunsa anapukusa mitu. Kenako Zefaniya anakumbukira kuti iye anamvapo za chipindacho: kale ankatsekeramo odwala nthomba pakati pa nyanja, ndipo mabowo ake a mpweya anawatseka sitima itasiya maulendo. Anamuuza ndi Mtisunge, mwana wa mlongo wake, amene ankayendetsa alendo n'kumawafotokozera mbiri ya sitimayo. Zefaniya yemweyo ndiye anamubweretsa ku Dubai.

Anamupeza m'chipinda chodyera nthawi ya 3 koloko, ali yekha pakati pa mipando yofunditsidwa nsalu.

"Mtisunge, anafukiza Derrick ndani?"

"Sindikudziwa, malume."

"Imran sadziwa zofukiza ndimu. Sadziwanso nthomba ya m'sitima muno. Ndiyang'ane."

Mtsikanayo anagwira tebulo.

"Amatsokomola, malume. Amafuna kukadzinena kwa azaumoyo kuti mwina ali ndi Korona, ndipo akanatchula ine, poti timadyera limodzi. Akanatitenga, ntchito n'kuthera pomwepo. Ndinamuuza kuti tiyambe tafukiza ngati kwathu."

"Nanga mpiringidzo?"

"Kuti asatuluke n'kukumana ndi anthu."

"Anagogoda?"

"Mapaipi a sitimayi amanyamula phokoso. Ndinkamumva mpaka kuchipinda kwanga." Mawu ake anachepa. "Ndinatsika, ndinagwira mpiringidzo. Koma anatsokomola kuseri kwa chitseko, ndiye ndinaopa mpweya wake. Ndinabwerera."

Zefaniya anaganiza za mlongo wake ku Chinamwali, ndipo anachita mantha kuposa m'mawa.

Nsapato zinamveka pamakwerero. Rashid analowa foni ili m'manja.

"Dokotala akuti wafa ndi utsi wa makala. Korona analibe, chinali chimfine wamba." Anayang'ana wotchi. "Yalla, fulumira, Zefaniya. Ndinyamula ndani?"

Mtisunge anaimirira yekha n'kudzipereka kwa Rashid.

"Musawauze amayi pa foni, malume," anatero. "Mukawauze pamaso."