Chikwangwani cha a Jaji Chokana Kugona Pakhoma

Lolemba m'mawa mlembi wamkulu wa khoti anafika pa masitepe a khomo lalikulu n'kupeza khoma lili ndi mabowo anayi basi. Chikwangwani chamkuwa chimene amisiri anakhoma Loweruka, cholembedwa dzina la malemu a Jaji, panalibe. Mayiyo anaima chikwama chili m'khwapa, n'kusendera pafupi kuti aonetsetse. Sanali mabowo a munthu wozula mothamanga. Penti sinakalike paliponse, ndipo pansi panali posesa bwino, ngati wochotsayo anabwera ndi tsache lake.

Mlonda wa usiku, bambo wa ana asanu, analumbira kuti sanagone ngakhale pang'ono. Anthu anafufuza m'maluwa, m'ngalande, kuseri kwa zimbudzi, osapeza kanthu. Chakumasana mlembi anayamba kutsegula zipinda chimodzichimodzi mpaka anafika ku chipinda chakale cha a Jaji, chimene chinkakhala chokhoma ndipo kiyi wake ankasunga yekha. Atangokankha chitseko anamva fungo la polishi. M'dilowa ya pamwamba ya tebulo munali chikwangwanicho, chokulungidwa m'kansalu kachikasu, chikuwala kuposa mmene chinabwerera. Misomali yake yopota inayi inali itandandalikidwa pambali, mitu yonse italoza kumodzi.

Lachisanu kunali kubwera nduna kudzatcha nyumbayo dzina la a Jaji, ndipo nkhani ya dzinali inali itagawa anthu kuyambira kale. Ena ankati munthu amene anaweruza zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi osalandira ngakhale dzira la mphatso ayenera kukumbukiridwa, ana adziwe kuti anthu otere analipo. Ena ankati khoti ndi la aliyense, ndipo m'tawunimo muli mabanja amene akamva dzinalo amakumbukira bambo awo akukwezedwa galimoto ya ndende. Mlembi anabwera pakhotipo a Jaji atapuma kale ntchito, sanawaonepo ndi maso. Ankamva mbali zonse ziwiri ndipo palibe imene ankaiona yopusa. Chimene ankafuna iye n'chakuti chikwangwani chikhale pamene achikhoma.

Amisiri anachikhomanso madzulo a Lolemba. Lachiwiri m'mawa anapezanso mabowo anayi aja, ndi chikwangwani m'dilowa. Anachikhomanso, uku akung'ung'udza kuti khoma lidzatha ndi kuboola. Lachitatu zinali chimodzimodzi.

Pofika apa mphekesera zinali zitadzaza makonde. Amayi osesa ankanong'onezana kuti malemu akukana ulemuwo, ndipo anasiya kukolopa mbali ya chipindacho. Wogulitsa zipatso pageti ankati ndi achibale a anthu omangidwa, akubweza. Loya wina wokonda nthabwala anauza mlembi kuti asavutike, a Jaji sanakhutire ndi chigamulo, achita apilo. Anthu anaseka, iye sanaseke. Anali atasinthitsa kale loko wa geti, atawerenga makiyi onse kawiri, ndipo mutu unali kumuwawa kuyambira Lolemba.

Anaitanira mlonda mu ofesi n'kutseka chitseko. Bamboyo anapotokola chipewa chake nthawi yaitali asanavomere kuti panali chimene sananene. Usiku uliwonse, chapakati pa usiku kutadutsa, ankamva kugogoda katatu m'kati mwa nyumbayo, pang'onopang'ono, ngati munthu waulemu. Akamva zimenezo ankalowa m'kanyumba kake ka pageti, n'kudzitsekera mpaka kutayera.

"Ndiye ntchito yanu ndi yotani, bambo?" anafunsa mlembi.

"Ntchito yanga ndi akuba, mayi. Wakuba sagogoda."

Masana omwewo bwana wa ku likulu anaimba foni. Anati iye za mizimu salemba mu lipoti, ndipo pamene katundu akusowa usiku, wolakwa ndi wolondera usiku. Kalata yomuchotsa ntchito anali ataitumiza kale, chotsala chinali siginecha ya mlembi. Mayiyo anayesa kufotokoza kuti katunduyo sakubedwa, akungosamuka, ndipo mlonda alibe kiyi wa chipindacho. Bwana sanafune kumva. Atachonderera kwambiri, anamupatsa mpaka Lachisanu. Mlembi anaika kalatayo pansi pa mafayilo. Ankadziwa kuti mlondayo anathawa ntchito chifukwa cha mantha, ndipo zimenezo zinamukwiyitsa. Ankadziwanso kuti munthu sachotsedwa ntchito pa mlandu umene wina aliyense sanaumvetse, makamaka m'nyumba ya khoti.

Atauza mwamuna wake kuti usikuwo akagona kuntchito, bamboyo anamufunsa kuti akaugwira mzimuwo auzenga mlandu wanji. Kenako, ataona kuti sakuseka, anamupatsa jekete lake lalikulu.

Anakhala pa benchi ya m'khonde la m'kati, magetsi atazimitsa, mlonda ali pambali pake akupuma ngati wakwera phiri. Mdima wa m'nyumba ya khoti ndi wolemera. Umanunkha mapepala akale ndi thukuta la anthu amene anadikirapo tsiku lonse. Kwinakwake mpope unkadontha. Kudenga mileme inkakwekwesa, kusiya, n'kuyambanso. Wotchi ya m'chipinda choweruzira inkamveka kudutsa makoma awiri, ndipo mlembi anadabwa kuti zaka zitatu zonse sanaimvepo masana.

Itangokwana wani koloko, kumapeto kwa khonde kunamveka kiyi akuzungulira. Kunali ku kachitseko ka kumbuyo, kamene aliyense ankati kanachita dzimbiri kalekale. Kanatseguka osalira. Kenako mapazi: limodzi loponda, lina lokhwekhwereza. Mlonda anagwira mkono wa jekete la mlembi n'kuufinya mpaka chala chinalowa m'mnofu.

Chithunzithunzi chachifupi, chowerama, chinawadutsa pafupi kwambiri moti anamva fungo la polishi. Chinapita ku khomo lalikulu, chinachotsa mipiringidzo iwiri mumdima osafufuza, n'kutuluka. Anamva kachitsulo kakulira pa msomali, kanayi. Anamva katsache. Chinabwereranso chitanyamula chikwangwani pa manja awiri ngati mbale ya mlendo, chinaima pa chitseko cha a Jaji, n'kugogoda katatu. Chinadikira, kenako chinatsegula n'kulowa.

Mlembi anayatsa tochi ali pakhomo. M'chipindamo munali nkhalamba yovala yunifolomu ya khaki yothetheka koma yosita, mabatani onse omanga mpaka pakhosi. Inali kupukuta mkuwa ndi kansalu kachikasu. Sinadzidzimuke. Inangotchinga maso ndi dzanja.

"Agogo, mukutani muno usiku uno?" ananong'ona mlembi.

"Ndinu atsopano, eti mayi? Sanakuuzeni? Dzina la Bwana siligona pakhoma."

Anali mesenjala wa a Jaji. Analankhula motsitsa mawu, ngati khoti lili m'kati. Anati m'chaka chawo choyamba kunabwera mayi wina wa mwana kumsana, atayenda masiku awiri, n'kuona dzina la a Jaji pachitseko. Anakhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, osadya, pamene a Jaji anali atapita kukaweruza kutali ndipo sankabwera sabata imeneyo. Atamva, a Jaji analamula kuti dzina lawo lizipachikidwa iwo akalowa, lizichotsedwa akatuluka, ngakhale akungopita kukadya. Dzina likakhala pakhoma, munthu azidziwa kuti akagogoda ayankhidwa. Zaka zonsezo mesenjalayo ndiye ankapachika ndi kuchotsa, ndipo makiyi ake palibe anawaitanitsa tsiku limene anapuma.

"Koma agogo, a Jaji anamwalira."

"Ndikudziwa, mwana wanga. Bokosi ndinanyamula nawo. Ndiye mukufuna anthu azidikirira munthu woti kulibe?"

Mlembi anafotokoza kuti ichi ndi chikumbutso, kuti nyumba zambiri zimatchedwa mayina a anthu amene anapita, ndipo palibe amapita kukawafuna m'menemo. Pamene ankalankhula anamva mawu ake akupepuka. Nkhalambayo inali yolakwa, zimenezo zinali zoonekeratu. Koma pa anthu onse amene anakangana za dzinali m'misonkhano, ndi iyo yokha imene inanena chimene mwini dzina ankafuna.

Inakulunga chikwangwani, inachiika m'dilowa, n'kundandalika misomali. "Akadzabwera, ndidzakhoma ndekha," inatero, ikupereka makiyi awiri kwa mlembi popanda kukana.

Anaiperekeza kwawo pa galimoto. Mwana wake wamkazi anatsegula chitseko atafunda bulangete, ndipo atamva nkhaniyo anakhala pansi. Anati masiku onsewa ankapeza nsapato za bambo ake zitanyowa ndi mame, osamvetsa. Nkhalambayo inali ikutsokomola kwambiri. Lachinayi masana mwanayo anaimba kuti chifuwa chakula, awagoneka kuchipatala.

Mlembi anaimbira bwana wa ku likulu ali ndi chikhulupiriro kuti nkhani yatha. Bwana anaseka kuseka kosasangalatsa. Anati ngati ndi zoona, nkhalambayo ipite kupolisi chifukwa yalowa m'nyumba ya boma usiku, ndipo mlonda amene analephera kugwira gogo wokhwekhwereza mwendo ndi woyenera kuchoka kuposa kale. Mayiyo analuma mlomo. Anati munthu ali pa bedi la chipatala samutengera kupolisi, ndipo kalatayo sasaina. Pomaliza bwana anati iye afika mamawa nduna isanabwere. Akapeza dzina lili pakhoma, mlonda atsala. Akapeza mabowo, asaina yekha.

Madzulo amenewo mlembi sanafune kusiya kanthu m'manja mwa wina. Anatenga chikwangwani ndi misomali yake, anazitsekera m'kabati yachitsulo ya mu ofesi yake, anakhoma ofesi, makiyi onse pamodzi ndi a nkhalamba aja n'kuwaponya m'chikwama. Amisiri anawauza kuti afike sikisi koloko, adzakhome iye akuona. Usikuwo chikwamacho anagona nacho kumutu.

Lachisanu anafika kusanayere bwino, amisiri asanabwere. Ali pageti anaona chinthu chikunyezimira pa khomo lalikulu. Anakwera masitepe pang'onopang'ono. Chikwangwani chinali pakhoma, chowongoka bwino, misomali inayi yomangidwa mpaka kumapeto, pansi posesa. Anathamangira ku ofesi. Chitseko chinali chokhoma, kabati yokhoma. M'kati munali kansalu kachikasu kokha, kopindidwa kanayi.

Foni inalira ali chiimire pamenepo. Anali mwana wa mesenjala uja. Bambo ake anali atatsikira kuli chete chapakati pa usiku kutadutsa, iye atawagwira dzanja, ndipo chiwagonekereni sanadzukepo pa bedi.

Bwana wa ku likulu anafika, anayang'ana khoma, anagwedeza mutu mokhutira, n'kuuza mlembi kuti waona, zinthu zimatheka munthu akaopsezedwa pang'ono. Kalata ija anaing'amba yekha. Nduna inabwera, inakoka nsalu yophimba chikwangwani, anthu anaomba m'manja, ndipo ena amene sanafune dzinalo anaimirira kumbuyo manja ali m'thumba. Mlembi sanamve ngakhale liwu limodzi la zolankhulidwazo.

Mwambo utatha anapeza mlonda akumudikira pakhomo la ofesi, atavala zovala zake za kunyumba. Sanapite kukagona. Mayiyo anamuuza, ndi kutopa konse kwa sabatayo, kuti ntchito yake yapulumuka. Bamboyo anathokoza, anati Mulungu awadalitse chifukwa anamumenyera nkhondo. Kenako anaika tochi, wezulo ndi kiyi wa geti pa tebulo, n'kubwerera m'mbuyo.

"Bambo, sabata yonse ndakhala ndikukangana ndi likulu chifukwa cha inu. Ana asanu aja adya chiyani?"

"Ndikafuna kwina, mayi."

"Chifukwa cha kugogoda? Munaona nokha kuti anali munthu."

Mlonda anayang'ana kumapeto kwa khonde, kumene kunali chitseko cha a Jaji, n'kutsitsa mawu.

"Usiku wathawu sindinathawe, ndinakhala pa benchi paja tinakhala nanu. Palibe anadutsa. Koma kunagogodedwa katatu." Analoza chitseko chija. "Masiku onse aja ndinkamva kugogoda kokha, mayi. Lero m'katimo wina wayankha kuti, lowani."