Galimoto Yokana Kubwerera M'mbuyo

Kamtsikana aka onse ankakatcha Phwiti. Kanali kakang'ono ngati kambalame kaja. Koma mawu ake, eee, sanali aang'ono ayi!

Phwiti ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuona phiri lotulutsa utsi. Phirilo linali pachilumba, pakati pa madzi.

Sukulu itatsekera, Bambo anati, "Mawa ulendo!"

Ananyamuka m'mawa. Bambo anakhala pachiwongolero. Mayi anakhala pambali pawo. Phwiti anakhala kumbuyo, pakati pa zikwama.

Galimoto yawo inali nkhalamba. Chitseko china ankachimanga ndi chingwe. Kutsogolo inkapita bwinobwino. Koma kubwerera m'mbuyo, ayi ndithu, inkakana. Giya yake inafa kalekale.

"Tikonzetsa," ankatero Bambo.

"Chaka chathanso munatero," ankatero Mayi.

Anadutsa minda. Anadutsa milatho. Anadutsa msika waphokoso.

"Tafika, Ababa?"

"Sitinafike."

Anakwera chitunda. Anatsika chitunda.

"Nanga pano tafika, Ababa?"

"Iwe Phwiti, makutu anga atopa!"

Kenako, madzi aja! Madzi okhaokha, mpaka uko!

Padoko panali sitima yaikulu. Inali itayasama kukamwa. Magalimoto ankalowa m'mimba mwake, imodziimodzi. Pakhomo panaima bambo wa wezulo.

Pyeee!

"Tembenukani, achikulire," anatero bambo wa wezulo. "Muno timalowa chambuyo. Mukatero, kutsidya mukatuluka mosavuta."

Bambo anakanda m'mutu.

"Pepani, iyi sibwerera m'mbuyo."

"Aaa, ndiye patukani. Sitima inyamuka pompano. Ina ibwera sabata yamawa."

Sabata yamawa? Tchuthi cha Bambo chidzakhala chitatha!

Bambo anazyolika. Anachita manyazi kwambiri.

"Pepa, mwanangu," anatero. "Tiyeni tizibwerera kunyumba."

Anazungulitsa galimoto pang'onopang'ono. Tsopano inafulatira sitima.

Mtima wa Phwiti unawawa. Misozi inalengeza m'maso. Ulendo wonsewu, phiri osaliona? Anacheuka kuti aionenso sitima. Kukamwa kwa sitima kunali kumbuyo kwawo kwenikweni!

"Imani, Ababa! Yatembenuka kale! Kwangotsala kuikankha!"

Phwiti anatsika. Anathamangira kutsogolo kwa galimoto. Anaika timanja take pachitsulo. Anakankha. Anakankhanso. Galimoto ili duu!

Ndiye Phwiti anakuwa ndi mawu ake onse.

"Amayi a dengu, tithandizeni!"

Mayi wa dengu anatula dengu lake. Anabwera.

"Achimwene a njinga, tithandizeni!"

Mnyamata wa njinga anagoneka njinga yake. Anabwera.

"Agogo a chipewa, tithandizeni!"

"Ine, msana wangawu?" anatero agogo. Koma anabwera, akuseka.

Mayi anavula nsapato zawo zapaulendo. Nawonso anatsika.

"Kankhani! Kankhani!" anakuwa Phwiti.

Galimoto inagwedezeka.

"Kankhani! Kankhani!"

Galimoto inasuntha. Bambo anatulutsa mutu pawindo. Ankawongolera akuyang'ana kumbuyo. Thukuta lili kamukamu.

Pakhomo pa sitima panali pokwera. Galimoto inaima. Inayamba kubwerera kwa okankha. Mayo!

Bambo wa wezulo anayang'ana wotchi. Anayang'ana Phwiti. Anaika wezulo m'thumba. Anapinda malaya. Nayenso anakankha.

Gubudu! Galimoto inalowa.

Anthu anaomba m'manja. Sitima inalira, puuu! Doko linatsala m'mbuyo.

Sitima inayenda. Inayenda. Inayendabe. Mphepo inkawomba. Mbalame zoyera zinkawatsatira.

"Ilo!" anakuwa munthu wina.

Anthu onse anathamangira kutsogolo. Phwiti anadumpha. Anadumphanso. Ankangoona misana yokhayokha.

Bambo anamunyamula. Anamukhazika pamapewa.

Phiri lija! Lalitali, lakuda bii. Pamwamba pake utsi uli tolotolo. Phwiti anagwira mutu wa Bambo mwamphamvu. Anasangalala mpaka kulira.

"Ukuliona?" anafunsa Mayi.

"Ndikuliona, Amayi! Likufuka zenizeni!"

Bambo anagwira kaphazi kake. Analankhula motsitsa mawu.

"Zikomo, mwanangu. Ine ndinali nditagonja."

Phwiti anawerama. Anawanong'oneza kukhutu.

"Inunso munawongolera bwino, Ababa. Simunagunde kanthu."

Bambo anaseka. Mayi anaseka. Onse atatu anayang'ana phiri, sitima ikuyandikira.