Chikopa Chimene Renier Anapala

Renier anaima pakhomo la chipinda chophunzirira, nkhope ili gwaa, pamene anzake ankaseka mpaka kugwira nthiti. Chimene chinkawaseketsa chinali sewero la Josse.

Chaka chilichonse, nyengo yosala kudya isanayambe, ana a sukulu ya tchalitchi chachikulu ankachita sewero pamwamba pa ngolo mumsika. Chaka chimenecho Aphunzitsi Baudouin anaika pambali ndakatulo ya Renier ya m'Chilatini yotamanda oyera mtima. Anasankha nkhani ya Josse, yolembedwa m'chiyankhulo cha anthu wamba monga ophika buledi, yonena za msilikali wodzitama amene anathamangitsidwa ndi tsekwe wa mayi wamasiye.

"Iwe Renier, bwera udzakhale tsekwe!" anafuula Josse. "Khosi lalitali ulinalo kale!"

"Ine sindichita nawo zopusa za ku mowa," anayankha Renier, koma mtima wake unkatentha. Kwa zaka zitatu iye ndiye anali woyamba pa zonse, ndipo Josse ndiye ankakwapulidwa chifukwa chosinza.

Sewerolo linali pa chikopa chimodzi chokha, pakuti zikopa zolembapo zinali zosowa. Masana aliwonse anzake akapita kukadya, Renier ankatsala n'kumaliwerenga mobwerezabwereza, kufunafuna mawu onyansa oti akanene kwa aphunzitsi. Sanawapeze. Chimene chinamupweteka koposa n'chakuti kawiri konse anadzidzimuka akumwetulira yekha.

Pa tsiku lachinayi anatenga mpeni wosongolera nthenga zolembera ndi mwala wokhakhala, napala chikopacho mpaka chinayera mbee. Kenaka anachilowetsa pa mulu wa zikopa zoyembekezera kulembedwanso.

M'mawa mwake Aphunzitsi Baudouin anaimika Josse kutsogolo, ndodo ili m'manja.

"Chikopa cha tchalitchi ndinachisiya m'manja mwako, iwe wachitaya. Ngati sewerolo silimveka lonse lero, pa ngolo pakwera osoka nsapato ndi sewero lawo, ndipo msana wako ulawa ichi. Yamba!"

Josse ankapeka nkhani mofulumira n'kuiwala mofulumiranso. Anayamba bwino ndithu, koma atafika pamene msilikali ankafotokozera anthu za nkhondo yake, lilime linamulemera.

"Ndinaona mdani woopsa... ali pa mlatho... ndipo ine..."

"Pa mpanda, chitsiru iwe!" Mawuwo anatuluka m'kamwa mwa Renier iye asanawaletse. "'Anali pa mpanda, mlomo wake ngati mkondo, ndipo ine ndinathamangira kutali, osati chifukwa cha mantha, koma kuti ndimuone bwino.' Ungaiwale bwanji pamenepo, pomwe ndi pokoma kuposa ponse?"

Aphunzitsi anatembenuka pang'onopang'ono.

"Pitiriza, mwana wanga."

Renier anafuna kukhala chete, koma aphunzitsi anamuyang'anabe. Ananena sewero lonse mpaka kumapeto, osaphonya liwu ngakhale limodzi, ndipo anzake analephera kudziletsa kuseka.

"Iwe sunakhale nafe pokonzekera ngakhale tsiku limodzi," anatero aphunzitsi. "Zopusa za ku mowazi unaziphunzira kuti?"

Renier anazyolika. Anapita pa mulu uja, natulutsa chikopacho, nachiika pamapazi pa aphunzitsi. Poyang'anitsitsa, mizere ya Josse inkaonekabe ngati mthunzi.

"Ndinali ine, aphunzitsi. Josse alibe mlandu."

Aphunzitsi sanakweze ndodo. "Ulilembanso pa chikopa chomwechi. Pamwamba ulembe dzina la mwini wake ndi inki yofiira, m'zilembo zazikulu monga timalembera mayina a oyera mtima. Pa tsiku la sewero, malo ako ndi pansi pa ngolo. Uzikanong'oneza amene waiwala."

Renier analemba masiku awiri, zala zitauma ndi chisanu. Josse anakhala naye pafupi, akumusongolera nthenga. Pomaliza anasuzumira nati, "Ukanangondiuza kuti umalikonda, m'bale wanga. Ndikanakupatsa kukhala msilikali."



Tsiku lija msika unadzaza. Renier anagwada m'matope pakati pa magudumu, akunong'oneza kudzera m'mipata ya matabwa, ndipo palibe m'khamumo amene anadziwa kuti alipo. Tsekwe atathamangitsa msilikali, ogulitsa nsomba ndi osula zitsulo anayamba kufuula, "Josse! Josse!"

Dzinalo linamubaya Renier monga kale. Anayang'ana zilembo zofiira zimene dzanja lake linalemba. Kenaka anatsegula pakamwa, nayenso nafuula.