Esitele ndi Mpunga wa Amayi

Uyu ndi Esitele. Esitele amakhala kwa Zulu, ku Mchinji. Ali mu Sitandade 2. Amadziwa kuthamanga. Amadziwa kusewera fulaye. Amadziwanso kuswa mtedza.

Koma Esitele ali ndi chibwibwi. Mawu amabwera bwino m'mutu mwake. Akafika pakamwa, amakakamira. Pakati pa anthu achilendo, Esitele amangokhala chete.

Esitele ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kugula kanthu yekha. Ankafuna kugula ndi pakamwa pake, osati ndi chala.

Tsiku lina m'mawa, banja lonse linapita ku Boma. Amayi anali oyembekezera. Ankapita ku sikelo. Esitele anawaperekeza. Abambo anatsogola panjinga. Ankakagulitsa thumba la mtedza. Anagwirizana zokakumana pamsika, pansi pa mtengo wa mango.

Ku sikelo kunali mzere wautali. Amayi anadikira. Esitele anadikira. Anadikira mpaka dzuwa linafika pamutu. Amayi anali asanadye kanthu chichokere kunyumba.

Atamaliza, anauyamba wa kumsika. Amayi ankayenda pang'onopang'ono. Ankaima. Ankayenda. Ankaimanso.

Anafika pamtengo wa mango. Abambo panalibe. Njinga yawo panalibenso. Amayi anakhala pansi. Anatsamira mtengo. Thukuta linali pamphumi. Milomo yawo inali itauma.

"Ndikumva chizungulire, mwanangu," anatero amayi.

Esitele anachita mantha. Anawagwira dzanja. Dzanjalo linkanjenjemera.

Amayi anamuuza kuti asaope. Anati ndi njala chabe. Anamasula mfundo ya chitenje. Anatulutsa ndalama. Anaziika m'manja mwa Esitele.

"Pita ukandigulire chakudya chotentha. Usapite kutali."

Esitele anayang'ana kumsika. Kunali anthu ambiri. Kunali phokoso lambiri. Panalibe munthu womudziwa. Anafuna kunena kuti adikire abambo. Koma anayang'ananso dzanja la amayi. Linali likunjenjemerabe.

Esitele anafumbata ndalama zija. Anadzuka. Anapita.

Poyamba anafika pachiwaya. Mafuta ankawira. Chipisi chinkanunkhira bwino. Pambali panali beseni la kabichi ndi tomato. Panali anyamata ambiri. Aliyense ankalankhula mokweza. Aliyense ankafuna kuyamba ndi iye.

Esitele anapanikizika mpaka anafika kutsogolo. Wogulitsa anamufunsa chimene ankafuna.

Esitele anatsegula pakamwa. "Ch-ch-ch..."

Mawu anakakamira. Anayesanso. Mawu anakakamirabe. Mnyamata wina anaseka. Wogulitsa anali pa changu. Anatembenukira kwa munthu wina. Esitele anaweramitsa mutu. Anachokapo.

Mtima wake unali m'mwamba.

Kenako anafika pakanyenya. Panali utsi wambiri. Utsi unamulowa m'maso. Wailesi inkalira kwambiri. Wowotcha nyama anali ndi mpeni waukulu. Anamufunsa ngati akufuna ya mbuzi kapena ya nkhuku.

Esitele anatsegula pakamwa. "Ya-ya-ya..."

Mawu anakakamira. Bamboyo anaika dzanja kukhutu. Anamuuza kuti akweze mawu. Esitele anayesanso. Mawu anakakamirabe.

Ndipo anakumbukira kanthu. Masiku ano amayi sankafuna fungo la nyama yowotcha. Linkawachititsa nseru. Esitele anachokapo.

Mtima wake unali m'mwamba.

Patsogolo anaona mayi wa mandasi. Esitele anasangalala pang'ono. Mandasi safuna mawu. Umangoloza ndi chala. Anathamanga. Anasuzumira m'chigubu. Munalibe kanthu. Munangotsala nyenyeswa. Mandasi anali atatha.

Esitele anacheuka. Anayang'ana kumtengo wa mango. Amayi anali patali tsopano. Mutu wawo unali utapendekera kumbali. Maso anali otseka.

Kenako thiraki yaikulu inaima pamsewu. Inatchinga mtengo. Inatchinga amayi. Esitele sanawaonenso.

Misozi inalengeza m'maso mwake. Kodi abwerere? Kodi abwerere chimanjamanja? Amayi adya chiyani? Nanga mwana wa m'mimba adya chiyani?

Esitele anapukuta maso. Sanabwerere.

Pafupi panali kanyumba kodyeramo. Pakhomo panali nsalu yofiira. Panja panali ndowa ya madzi osamba m'manja. Munkatuluka fungo la mpunga ndi nyemba. Amayi amakonda mpunga ndi nyemba.

Esitele anakankha nsalu ija. Analowa.

M'katimo munali matebulo ndi mabenchi. Anthu ankadya. Ena anali pamzere. Esitele anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Miphika inali kuseri kwa khoma. Panalibe choloza ndi chala. Muno munkafunika mawu.

Esitele anaima pamzere. Anayamba kuyeserera mumtima. Mpunga ndi nyemba. Mpunga ndi nyemba. Mumtima mawu ankayenda bwino.

Kumbuyo kwake kunabwera bambo wamkulu thupi. Anali dalaivala wa thiraki ija. Ankapita kumalire a Zambia. Anali wamtali. Anali ndi nsapato zazikulu. Anali ndi mawu aakulu. Esitele anamuopa. Anadzipinda ngati kamwana ka nkhuku.

Mzere unayenda. Unayendanso. Esitele anafika kutsogolo.

Mwini malowo anali Mayi Luwiza. Anali atamanga duku. M'manja anali ndi chipande.

"Ndikupatse chiyani, mwanangu?" anafunsa Mayi Luwiza.

Esitele anatsegula pakamwa. "M-m-m..."

Mawu anakakamira. Anayesanso. "M-m-m..." Mawu anakakamirabe. Nkhope inamutentha. Ndalama zinanyowa ndi thukuta.

Bambo wina wa chipewa anatopa kudikira. Anachoka kumbuyo. Anadutsa Esitele. Anayamba kuitanitsa chakudya chake. Anati mwanayu akuchedwetsa anthu.

Esitele anabwerera m'mbuyo. Anafuna kutuluka. Koma anagunda miyendo ya dalaivala uja.

Dalaivalayo sanakalipe. Anayang'ana bambo wa chipewa. Analankhula ngati anthu a ku Zambia.

"Lekani mwana akambe. Ndiye ali kutsogolo."

Bambo wa chipewa anachita manyazi. Anabwerera pamalo pake. Mayi Luwiza anaika chipande pansi. Anawerama. Nkhope yawo inafika pafupi ndi ya Esitele.

M'nyumba monse munali zii. Masipuni anasiya kulira. Anthu onse ankayang'ana Esitele. Zimenezi zinamuopsanso. Maso anali ambiri. Khomo linali pafupi. Akanatha kuthawa.

Koma amayi anali okha pamtengo paja. Amayi anali ndi njala.

Esitele anapuma mpweya wambiri. Anayang'ana duku la Mayi Luwiza. Sanayang'ane wina aliyense.

"M-m-mpunga," anatero. "Ndi ny-ny-nyemba."

Mawu anatuluka. Anatuluka moduka. Koma anatuluka.

Mayi Luwiza anagwedeza mutu. Anamufunsa ngati adyera pomwepo. Esitele anakana. Panali mawu ena ofunika. Anali mawu ambiri. Anapumanso.

"A-a-amayi anga akumva chi-chi-chizungulire. Ali pa-pa-pamtengo wa mango. Ndi o-o-oyembekezera."

Mayi Luwiza anaweramuka msanga. Anaitana mng'ono wawo kuti athandize anthu. Anapakula mpunga. Anathira nyemba ndi masamba. Anathira tiyi m'kapu. Anaikamo shuga wambiri. Mbale anatenga okha. Kapu anapatsa Esitele.

Anamuuza kuti atsogole. Dalaivala uja anawagwirira nsalu ya pakhomo.

Esitele anatsogola. Ankafuna kuthamanga. Koma tiyi akanatayika. Anayenda mofulumira. Anagwira kapu ndi manja onse. Anadutsa pamandasi. Anadutsa pakanyenya. Anadutsa pachiwaya. Anazungulira thiraki ija.

Amayi anali pomwe paja. Maso anali otsekabe.

Esitele anagwada. Anaika kapu pansi. Anawaitana. Amayi sanayankhe. Anawagwira paphewa. Anawagwedeza pang'ono. Amayi sanayankhebe.

Mtima wa Esitele unagunda kwambiri. Anawaitananso. Anawaitana pafupi ndi khutu.

Amayi anatsegula maso pang'onopang'ono.

"Wabwera, mwanangu," anatero amayi.

Mayi Luwiza anakhala pansi pambali pawo. Anawagwirira kapu. Amayi anamwa pang'ono. Anapuma. Anamwanso. Kenako anatenga sipuni. Anadya pang'ono. Anadyanso.

Esitele sanachotse maso. Ankayang'ana dzanja la amayi. Linkanjenjemera. Kenako linkanjenjemera pang'ono. Kenako linasiya.

Amayi anati chizungulire chikutha. Anathokoza Mayi Luwiza. Mayi Luwiza anati pamtengopo pali fumbi. Anawaitana kuti akapumule m'kanyumba muja. Anawauzanso kuti chizungulire chikabweranso, abwerere kuchipatala. Amayi anavomera.

Anadzuka bwinobwino. Mayi Luwiza anawagwira mkono wina. Esitele anawagwira mkono wina. Anayenda pang'onopang'ono mpaka anafika.

Dalaivala uja anali akudya. Anasuntha pabenchi. Anawapatsa malo pafupi ndi zenera. Esitele anapereka ndalama kwa Mayi Luwiza. Anapereka ndi manja awiri. Kenako anayang'ana dalaivala uja.

"Zi-zi-zikomo, bambo."

Dalaivalayo anamwetulira. Tsopano sankaonekanso woopsa.

Koma abambo anali asanafikebe. Esitele anakhala pazenera. Apa thiraki ija sinkatchinga mtengo. Ankayang'ana kumtengo wa mango. Njinga zinkadutsa. Ya abambo ayi. Anthu ankadutsa. Abambo ayi. Kodi asochera? Kodi achita ngozi? Amayi nawonso ankayang'ana pazenera.

Kenako Esitele anaona abambo. Ankakankha njinga. Tayala lakumbuyo linali litaphwa. Anafika pamtengo. Anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Anagwira m'chiuno. Ankaoneka kuti ali ndi nkhawa.

Esitele anatuluka liwiro. Anawagwira malaya. Anawakokera ku kanyumba kaja.

Abambo anaimika njinga panja. Anasamba m'manja. Analowa. Anaona amayi ali pabenchi. Anapuma mozama. Anapepesa chifukwa chochedwa. Anati mtedza wagulidwa, koma minga inaboola tayala.

Anaitanitsa mpunga ndi nkhuku. Anaitanitsanso mbale ya Esitele. Mayi Luwiza anabweretsa zonse. Anaika patebulo.

Abambo anayang'ana amayi. Anaona kapu ya tiyi. Anaona mbale yopanda kanthu. Anafunsa kuti chachitika n'chiyani.

"Funsani Esitele," anatero amayi. "Nkhaniyi ndi yake."

Esitele anayang'ana pansi. Kenako anayang'ana abambo. Anayamba kufotokoza.

Anafotokoza za sikelo. Anafotokoza za chiwaya. Anafotokoza za utsi wa kanyenya. Anafotokoza za chigubu cha mandasi. Mawu ena anakakamira. Esitele anapuma. Anapitiriza. Ena anakakamiranso. Anapumanso. Anapitirizabe.

Nkhaniyo inatenga nthawi yaitali. Abambo sanagwire sipuni. Anangogwira chibwano. Anamvetsera mpaka kumapeto.

Esitele atamaliza, mpunga unali utazizira. Mayi Luwiza anafuna kukautenthetsa. Abambo anati usiyeni, uli bwino choncho.

Anatenga mwendo wa nkhuku m'mbale mwawo. Anauika m'mbale mwa Esitele.

"Uwu ndi wako," anatero abambo. "Lero wadyetsa amayi ako. Wadyetsanso mwana wathu wa m'mimba."

Pomwepo amayi anaseka. Anagwira dzanja la Esitele. Analiika pamimba pawo. Esitele anadikira. Kenako anamva kanthu. Mwana anaponda. Anapondanso.

"Wa-wa-wakhuta," anatero Esitele.

Amayi anaseka. Abambo anaseka. Mayi Luwiza anaseka kuseri kwa khoma. Esitele anatenga mwendo wa nkhuku uja. Anauluma. Apo m'pamene anazindikira kuti nayenso anali ndi njala.