Dileyi ya Lino ndi Njinga ya Bambo

Bambo, ndine Tamandani. Ndikulemba m'kope lanu la nyimbo, kumasamba akumbuyo omwe munasiya osalemba, chifukwa pakamwa zikundikanika.

Ndikufuna mudziwe amene sanabwere kudzakuikani. Amalume a Lucas sanabwere, ati ku Entre Lagos kunali katundu wodikira sitima. Aphunzitsi aja munkawaimbira kwaya ya ana kwaulere zaka zonsezi sanabwere. Lino sanabwere, chonsecho ndiye anayamba kumva uthenga. Márcia sanabwere. Ndilekere pomwepa, Bambo, pakuti dzina lotsatira ndi langa.

Achinyamata a kutchalitchi apempha kuti izi zidzawerengedwe Lamulungu. Ziwerengedwe. Sindibisa kanthu.

Kwathu ku Ngauma kunali kwabwino. Munabwera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, inu ndi Mayi, mutanyamula mphasa, njinga ndi gitala yabokosi ija munkaitcha viyola. Njingayo munaisintha matayala, tcheni ndi chishalo, mpaka Mayi ankaseka kuti cha ku Malawi chatsala belu lokha. M'mawa tisanapite kumunda munkandikhazika pakhonde, n'kumagwira zala zanga chimodzichimodzi kuziika pa nsambo. Ndikalakwitsa simunkakalipa. Munkangoti, "Bwereza. Chala sichinamve." Sukulu ndinalekera kalasi yachisanu ndi chiwiri, koma pakhonde paja sindinkajomba.

Kenako munayamba kudwala kuthamanga kwa magazi, miyendo n'kumatupa. Mwezi uliwonse ndinkakukwezani pakaliyala kupita kuchipatala ku Mandimba kukatenga mapiritsi, ulendo wa theka la tsiku. Munkagwira malaya anga kumbuyo n'kumaimba njira yonse. Tikafika pachitunda munkafunsa, "Nditsike?" Ine ndinkati, "Khalani pomwepo." Adokotala anatiuza tonse awiri kuti mapiritsi amenewo sadumphitsa.

Tsiku lina muli pamzere ndinapita kukazungulira kumsika. Kuseri kwa baraka ina, kanyumba kogulitsira mowa, ndinamva gitala yamagetsi ikulira ngati magitala anayi, koma nditasuzumira ndinapeza munthu mmodzi yekha, mnyamata wa tcheni m'khosi. Ameneyo ndiye Lino, mwini gulu loimba m'maukwati, amene ankaitana mnyamata aliyense kuti mano, kutanthauza m'bale.

"Mano, wangoti kukamwa yasa. Umagwira gitala?"

"Pang'ono. Kutchalitchi."

"Kutchalitchi! Bwera kuno, Aleluya, timve."

Pansi panali kabokosi kachitsulo kobiriwira, kokwana m'manja awiri, kokhala ndi timabatani topotokola ndi tiwiri toponda ndi phazi. Kanyali kake kankaphethira. Ndinakhudza nsambo imodzi. Mawu anatuluka, n'kubweranso, n'kubweranso, akucheperachepera ngati munthu waitana m'phiri. Tsitsi linandiimirira.

"Iyi ndi dileyi," anatero Lino. "Inachokera ku Joni. Ku Nampula mtengo wake ndi wa njinga yamoto, kungoti kuno kulibe amene akuidziwa. Uponda apa kawiri kuti imve liwiro la nyimbo. Upotokola apa, ikubwezera katatu, kasanu, mmene ukufunira. Iwe ukhudza kamodzi, ganyu yotsalayo igwira yokha."

Masana omwewo ndinakutengerani kumeneko. Mukukumbukira? Munavula chipewa n'kumupatsa Lino moni ngati munthu wamkulu. Nditaimba munaseka mpaka kutsokomola. Munapempha gitala, munakhudza nsambo imodzi, n'kupendeketsa mutu kumvetsera mpaka mawu omaliza atazilala.

"Kali ndi ulemu kameneka," munatero. "Sikatsutsa munthu."

Koma pobwerera simunaimbe. Titadutsa mlatho munandikoka malaya.

"Tamandani, paja unakhudza katatu, ine ndamva kakhumi. Kotsalako waimba ndani?"

"Ndi mmene akuimbira masiku ano, Bambo."

"Sindikukana. Ndi kabwino zedi. Koma amene anakapanga anapangira munthu wodziwa kale. Zala zako zikadali pasukulu. Ukazipatsa wantchito lero, zigona."

Ndinangopalasa mwamphamvu kuti mphepo itseke makutu.

Mwezi wotsatira Lino anandikokera pambali. Woimba gitala wake anali atachoka.

"Loweruka tikusamukira ku Cuamba, maukwati ali mbwee. Dileyi ndikupatsa, ikhale yako. Iwe ungobweretsa njinga ya madala ija, wogula alipo kale."

"Njinga ija ndi ya kuchipatala."

"Miyezi iwiri uwagulira yatsopano, yamagiya. Kapena ukufuna kukalamba ukuimbira amayi a Legio kutchalitchi aleluya? Zala ngati zakozo, mano, ndi tchimo kuzikwirira m'munda wa nandolo."

Palibe amene anatamapo zala zanga chotero. Inu munkangoti bwereza.

Lachinayi Mayi anandipeza ndikupukuta njinga.

"Ukuipukutiranji lero, tsiku la chipatala lisanafike?"

"Fumbi, Mayi."

"Iwe ndinakubala ine. Njinga imeneyo ndi miyendo ya bambo ako. Chimene chili m'mutu mwakocho chichoke."

Lachisanu m'mawa, Mayi ndi achemwali anga a Yolanda ali kumunda, inu munali pamkeka kuseri kwa nyumba mukuwothera dzuwa. Ndinaikankha pang'onopang'ono nditagwira belu ndi dzanja kuti lisalire. Munamvabe. Munaitana osatembenuka, "Ukadzera kumsika undigulire nsambo yachitatu." Ndinati, "Chabwino, Bambo." Sindinagule. Amenewo ndiwo mawu otsiriza amene ndinakuuzani.

Ku Cuamba ndinaidziwa dileyi kuposa mmene ndinkadziwira munthu aliyense. Ndinadziwa kuiponda molingana ndi ng'oma kuti mawu obwerera azigwera pakati pa anga, nyimbo n'kumathamanga ine ndisakuthamanga. Ndinadziwa kuifupikitsa kuti gitala inenepe, ndi kuitalikitsa kuti akwati akamalowa mawu aziyandama pamwamba pa anthu. Amayi ankaponya zitenje pansi. Ankandiitana kuti Mestre, kutanthauza katswiri. Márcia, woimba wa gulu lathu, anayamba kundisungira mpando pafupi ndi iye.

Ndinadziwanso china. Munthu ukhoza kumwa mabotolo anayi n'kuimbabe, chifukwa ukangokhudza nsambo ziwiri kabokosi kadzaza malo onse. Kuyeserera ndinasiya. Ndalama ya njinga yamagiya inkathera pabaraka Lolemba lisanafike. Tsiku lina woimba ng'oma anati, "Tazimitsa kachitsuloko timve iwe." Anthu anaseka, inenso ndinaseka, koma phazi sindinalichotsepo.

A Yolanda anaimba foni sabata yoyamba.

"Bambo akuti bwera. Za njinga sakufunsa."

"Ndibwera ndi yatsopano."

"Safuna yatsopano, akufuna iwe. Tsiku lawo la mapiritsi ndi Lachiwiri."

Ndinadula. Ataimbanso kachitatu ndinachotsa khadi m'foni n'kuliponya m'ngalande. Manyazi, Bambo. Ndinaona kuti n'kosavuta kusamva kusiyana ndi kuyankha. A Yolanda anafufuza mpaka anapeza nambala ya Lino.

Zimene zinkachitika kuno ndazimva pambuyo. Mwezi woyamba Mayi anatumiza mawu kwa amalume a Lucas kuti abwere ndi njinga yawo yamoto. Anayankha kuti, "Wakuba ndi wa m'nyumba mwanu momwemo, mukamufunse iyeyo." Mlongo weniweni wa Mayi, kuwayankha chotero! Mwezi wachiwiri aphunzitsi analonjeza njinga yawo, tsiku litafika anati tayala laphwa. Mwezi wachitatu munanyamuka wapansi ndi ndodo, akukuperekezani Che Juma, mnansi wathu wokonza mawailesi uja. Simunafike ndi pamlatho pomwe. Munagwa, pakamwa n'kupotoka. Che Juma, munthu wa msinkhu wanu, anakuberekani kumsana kubwerera nanu kunyumba. Munamwalira Lachinayi. Anakuikani Lachisanu.

A Yolanda anamuimbira Lino Lachinayi lomwelo. Lino anausunga uthengawo osandiuza. Loweruka tinali ndi ukwati waukulu, wa mwana wa mwini magalimoto. Ndinaimba, ndinavina, ndinamwa. Márcia anandikonza kolala ya malaya tisanakwere pabwalo, akudziwa. Lamulungu masana ndi pamene Lino anakhala pafupi nane akutokosa m'mano.

"Mano, pepa. Madala ako anatisiya."

"Liti?"

"Lachinayi."

"Lachinayi liti?"

"Lapitali. Usandiyang'ane choncho, mano. Ndikanakuuza, ukwati ukanaimbidwa ndi ndani? Ukanapita ukanawadzutsa?"

Ndinamumenya mpaka anthu anandigwira. Mpaka lero ndimamukwiyira. Ndimakwiyira amalume, ndimakwiyira aphunzitsi, ndimakwiyira onse amene tsopano akuti munali munthu wabwino pamene anakusiyani muyende wapansi. Koma ndikawakwiyira mokwanira ndimapeza kuti onsewo anangokana kubwereketsa zawo. Amene anatenga yanu ndine.

Ndinakwera shapa, minibasi ya kuno, mpaka ku Mandimba, kuchokera apo wapansi, msewu womwe uja. Ndinafika Lachiwiri. Mayi anali pakhonde atameta. Ndinagwada patali, ndikudikira kuti akuwe. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Wawonda," anatero. "Sendera kuno."

Anandigwira mutu ngati akufufuza malungo. Ndinalira mpaka malaya awo ananyowa.

"Lachisanu ndi tsiku lachisanu ndi chitatu, tikukaika maluwa pamanda. Bambo ako ananena pakamwa pasanatsekeke kuti nyimbo yawo ija anapeka okha, ya olira, udzaimbe ndiwe."

Mukanaganiza kuti apa ndinaphunzira. Ayi. Kabokosi kanali m'chikwama changa, ndipo mumtima ndinati anthu amve chimene ndinapitira, adziwe kuti sichinali chachabe. Ndinabwereka gitala yamagetsi ya achinyamata ndi sipika yawo, pamodzi ndi batire ya sola ya kutchalitchi. Chingwe cha dileyi ndi cholowetsa pakhoma, ndipo kwathu magetsi a pakhoma kulibe. Ndinachidula ndi mpeni kuti ndimange mawaya pabatire, monga timachitira ndi wailesi.

Kumanda anthu atazungulira, Che Juma anawerama pafupi nane n'kutembenuza kabokosi.

"Mwanangu, pansipa alemba 9. Batire iyi ndi ya 12. Sukuona?"

"Magetsi ndi magetsi, Che Juma."

"Ine ndakuuza."

Ndinagunditsa waya. Kanyali kanawala kamodzi kwambiri, kanamveka kuti thu, kautsi n'kutuluka m'mbali. Fungo la pulasitiki yopsa linafika mpaka kwa amayi a maluwa. Ndinaponda, ndinapotokola, ndinagwedeza. Zii. Njinga yanu, miyezi itatu ya mapiritsi anu, zonse zinathera mu utsi wosakwana kudzaza chikho.

Palibe anaseka. Bola akanaseka. A Yolanda anapita pansi pa mtengo, anatenga viyola yanu imene anabwera nayo osandiuza, n'kundiika m'manja.

Nsambo zanu ndi zolimba, Bambo. Zikopa za kunsonga kwa zala zanga zinali zitafewa, ndipo manja ankanjenjemera chifukwa cha masiku asanu opanda mowa. Ndinayamba. Pakati pa liwu ndi liwu panali malo opanda kanthu, ndipo panalibe chodzazapo. Aliyense ankamva pamene chala chaterereka. Amayi a kwaya anandidikira, anachedwetsa mawu awo kuti ndiwapeze. Ndinakwawa choncho mpaka pakati pa nyimbo, pamene imakwera, pomwe inu munkathamangitsa zala zitatu. Pamenepo ndinaima. Gawo limenelo munali mutangoyamba kundionetsa sabata imene ndinathawa.

Mayi anaimaliza okha, opanda gitala, mawu akuduka. Atatha anaika maluwa awo, n'kudzaima pafupi nane. Sanakweze mawu.

"Pamene walekerapo ndi pamene unachokera. Ankakudikira pakhonde m'mawa uliwonse ndi viyola pamwendo, kuti akuonetse kotsalako."

Tsopano inu achinyamata amene mukumva izi, ndikuuzani mosazungulira. Kabokosi kanalibe tchimo. Tchimo linali langa. Ndinafuna kutamidwa ndisanadziwe ntchito, ndinaba chinthu chimene bambo anga ankayendera, ndinamwa kuti ndisaganize, ndipo ataitana ndinatseka foni. Musabe m'nyumba ya makolo anu, ngakhale mutalumbira kuti mudzabweza. Munthu amene akukutamani uku akuloza katundu wa kwanu, mutalikireni. Ndipo akakuitanani kwanu, nyamukani tsiku lomwelo. Ine ndinati ndidzapita ndikakonzeka, ndipo ndinapeza dothi.

Bambo, mowa sindinaukhudze kuyambira tsiku lija. Ndikulima munda wanu. M'mawa Mayi amakhala pakhonde n'kumang'ung'udza gawo lotsala lija, ine n'kumalifufuza pa nsambo, liwu limodzilimodzi. Zala zatuluka matuza. Dzulo ndinapeza mzere wathunthu ndipo ndinawaimbira kawiri. Anamvetsera atatsinzina, kenako anati mawu ake ndi omwewo, koma si mmene munkaimbira inu.

Akunena zoona.