Kalavani Imene Sinkapuma

Woyamba kudwala anali galu. Moss anadzuka pansi pa tebulo, nayenda modzandira ngati woledzera mpaka pachitseko cha kalavani, n'kuyamba kukanda. Tahlia anamukalipira, koma galuyo sanasiye. Atamutsegulira, mphepo yozizira inalowa ndi fumbi lofiira, ndipo mtsikanayo anatseka msangamsanga. Kunja Moss sanapite patali. Anakhala moyang'anizana ndi chitseko n'kumalira chapansipansi, kulira kumene Tahlia anali asanakumvepo chiyambire.

Nthawi inali itangopitirira 2 koloko masana. Tahlia, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, anali awiriwiri ndi mlongo wake Declan wa zaka zisanu ndi ziwiri, pambali pa msewu wa Oodnadatta. Kumanzere kunali mabwinja a siteshoni ya sitima, makoma opanda denga. Kumanja kunalibe kanthu, chipululu chokhachokha mpaka kumene maso amalekezera.

Kalavaniyo, kanyumba ka magudumu kokokedwa ndi galimoto, inali ya agogo awo a Merv, amene anamwalira zaka ziwiri zapitazo. Chimwalirireni mwiniwake, inangokhala m'shedi ku Quorn itafunditsidwa lona. Tchuthi cha July chitayandikira, bambo awo a Gavin Halloran anaitulutsa, ndipo kwa masabata awiri pakhomo panalibe mtendere. A Gavin anali makaniko amene anayamba ndi sipanala imodzi yobwereka, ndipo nkhaniyi ankaifotokozera ngakhale munthu wongofunsa njira. Anakokapo kalavani mpaka ku Broome, ku Darwin, ku Cape York komwe, ndipo malinga n'kunena kwawo, m'dziko lonselo munalibe msewu umene sunkadziwa matayala awo.

Kunena zoona, ntchito ankaidziwa. Matayala a agogo anawataya ngakhale ankaoneka atsopano, ati tayala lokhalitsa limang'aluka m'mbali. Anapaka girizi m'magudumu, anatsuka thanki ya madzi, anagumula zisa za mavu zimene zinamangidwa m'mapaipi. Katundu wolemera ankamuika pansi, pamwamba penipeni pa magudumu, chifukwa ukamuunjika kumbuyo kalavani imavina, ndipo ikavina imavinitsanso galimoto. Akaima paliponse ankazungulira n'kumagwira pakati pa gudumu lililonse kuti amve ngati latentha, kwinaku akuuza anawo kuti dzanja lawo limaposa makina.

Ndiye panali tepi. Aliyense woyenda m'misewu imeneyo amaidziwa. Fumbi la kumeneko ndi losalala kuposa ufa, ndipo limalowa mpaka mu shuga ndi mumswachi. Choncho ku Marree, phula litatha, a Gavin anamata tepi pa timazenera tonse topumira kalavani: tiwiri takunja kwa firiji ndi kamodzi kam'munsi mwa chitseko. Lamulo lake linali limodzi, ndipo analibwereza mpaka Declan anayamba kuliimba: mukaima, tepi ichoke gasi asanayake.

Tsiku limenelo mphepo inayamba kuwomba cham'mbali n'kumakankha kalavani, ndipo a Gavin anati munthu wanzeru sakoka ngolo pamphepo yotere. Atangoima pamabwinjapo, galimoto ina inadutsa n'kuwauza kuti kutsogolo kuli banja lina la okalamba limene laphulikiridwa matayala awiri. A Gavin sanadikire kupemphedwa. Anamasula kalavani, naponya zida m'galimoto, ndipo ali kale pachiwongolero anasuzumira pawindo.

"Iwe Tahlia, matabwa otsekereza magudumu waika?"

"Ndaika, adadi."

"Nanga tepi?"

"Ndachotsa."

"Mwana wa makaniko ameneyo! Ola limodzi ndabwera. Matayala amenewo akangondiona adzikonza okha."

Koma tepi Tahlia anali asanachotse. Masiku atatu onse a ulendowo wosesa fumbi anali iyeyo, ndipo poona mmene mphepo inkalinyamulira, anaganiza zodikira kuti iyambe yaleka. Anayatsa gasi wa firiji kuti nyama isawonongeke, nawiritsa tiyi. Declan anali akunjenjemera, choncho Tahlia anasiya mbali zonse ziwiri za chitofu zikuyaka kuti m'kati mufunde. Mawindo onse anali otseka. Anatenga buku, ndipo za tepi zinachoka m'mutu.

Ola limodzi la a Gavin linali litatha kalekale pamene Moss anayamba kukanda chitseko.

Tahlia anabwerera pampando, koma mawu a m'buku anayamba kusuntha. Mutu unkamupweteka ngati wina waumanga chingwe. M'kalavani munali fungo la agogo, la fodya wawo ndi sopo wometera, ndipo tsopano fungolo linkaoneka kuti likukula. Chipewa chawo chinali chikadali pamsomali pamene anachisiya. Mawindo anachita thukuta, ndipo pa limodzi dontho linatsetsereka pang'onopang'ono n'kusiya mzere, ngati chala cha munthu chikufuna kulemba.

"Achemwali," anaitana Declan. Anali atagona chagada pabedi la agogo, maso ali kudenga. "Agogo abwera."

"Usayambe zako zija iwe. Imwa tiyi."

"Akhala pomwepo, pafupi ndi inu. Akuti ndigone kaye."

Tahlia sanafune kucheuka, koma khosi linacheuka lokha. Pampando panalibe munthu. Komabe khushoni inali yolowa m'kati, pamene agogo ankakonda kukhala, ndipo iye sanathe kukumbukira ngati inali choncho m'mawa. Kenako anamva kugogoda. Gu, gu, gu. Anamvetsera kuchitseko, anamvetsera pansi, mpaka anazindikira kuti kugogodako kukuyenda limodzi ndi mtima wake. Atayang'ana pachitofu, moto umene unali wobiriwira unali utasanduka wachikasu, wautali, ukuwerama mwaulesi ngakhale munalibe mphepo.

Anamuuza Declan kuti adzuke asewere makhadi. Mwanayo anaseka pang'ono, nayankha zosamveka. Anamuitananso, koma sanayankhe. Tahlia anafuna kupita pabedipo, koma miyendo inali yolemera ngati yobwereka, ndipo maganizo okoma anamufikira akuti nayenso angotsamira patebulo kwa mphindi zochepa. Tulo take tinali tofunda, taulemu, tosakakamiza. Anali atatsala pang'ono kuika mutu pansi pamene m'ngodya ya diso lake chipewa chija chinagwedezeka, ndipo anamva, kapena anaganiza kuti wamva, munthu akupuma kumbuyo kwa khutu lake.

Chimene chinamuimiritsa si nzeru ayi, anali mantha. Anathawa. Anasiya mlongo wake pabedi, nakankha chitseko, naphonya sitepe, n'kugwera m'fumbi chogwada. Chitseko chinamenyetseka ndi mphepo n'kutsekeka. Anasanza tiyi yense. Moss anabwera n'kumamunyambita kumaso.

Anakhala choncho akupuma mphepo yozizira, ndipo pang'onopang'ono chingwe cha m'mutu chija chinayamba kumasuka. Mabwinja anasiya kuyendayenda. Atadzutsa nkhope, maso ake anali pa msinkhu umodzi ndi kazenera kam'munsi mwa chitseko. Tepi inali pomwepo, yomatidwa bwinobwino ndi manja a bambo ake, popanda ngakhale ngodya imodzi yomatuka. Anayang'ana chakumbali. Timazenera ta firiji tinali chimodzimodzi.

Mawu a bambo ake anamubwerera onse, ngakhale aja ankawamvera ndi khutu limodzi. Moto wa gasi ukasowa mpweya umatulutsa utsi wosaoneka, wopanda fungo. Sutsamwitsa, sukhosomoletsa. Umangogoneka munthu.

Anathamangira kutsogolo kwa kalavani natseka botolo la gasi. Kenako anakoka mpweya wambiri, natsegula chitseko, nalowa. Sanayang'ane chipewa, sanayang'ane mpando. Anagwira Declan m'khwapa n'kumukoka. Mwanayo anali wolemera modabwitsa, mutu uli lendelende, ndipo chidendene chake chinakola mwendo wa tebulo. Chifuwa cha Tahlia chinkayaka, m'maso munayamba kuda. Anakoka mwamphamvu mpaka nsapato inavuka, ndipo onse awiri anagubudukira panja.

Anamugoneka chammbali kumene mphepo inkachokera, namufunditsa jekete lake. Declan ankapuma, koma mofulumira ndi mosaya. Anamugwedeza, anamutsina, anamutchula maina onse achipongwe amene ankamutchula kunyumba, koma zikope sizinasunthe. Wailesi yam'manja yolankhulirana ndi bambo ake inali m'thumba la jeketelo. Anaitana katatu, kukungomveka phokoso, ndipo kachinayi mawu a bambo ake anamveka ali m'kati mwa kuseka, akumuuza kuti ali m'njira ndipo okalamba aja atsala akuwomba m'manja.

"Adadi, Declan sakudzuka. Ndi gasi."

Kusekako kunaduka. Anangomuuza kuti asalowenso m'kati, ndipo wailesi inati zii.

Fumbi la galimoto linaoneka patapita mphindi khumi. A Gavin, amene ankanyoza aliyense wothamanga pamsewu wokhala ngati malata, anafika galimoto ikudumpha. Anagwada pambali pa mwana wawo, namvetsera chifuwa, kenako anadzutsa mutu n'kuyang'ana kalavani. Anaiona tepi. Anayang'ana Tahlia kamodzi kokha. Anatulutsa foni ya setilaiti n'kuimbira madokotala oyenda pandege. Dokotala anawauza kuti ana onse awiri akufunika mpweya wa m'botolo mwamsanga, awatengere ku bwalo la ndege la ku William Creek, mawindo a galimoto ali otsegula.

Kalavani anaisiya pomwepo, yosakiya, chitseko chili pululu. Ulendo wonsewo Tahlia anakhala kumbuyo, mutu wa Declan uli pamiyendo pake. Kawiri mwanayo anabuula, kamodzi anasanza. A Gavin sanatchule Broome kapena Darwin. Kwa nthawi yoyamba chibadwire, Tahlia anayenda ndi bambo ake ola lathunthu osamva liwu lawo, ndipo chete ameneyo anamuopsa kuposa kugogoda kuja.

Ndege inatera dzuwa litapendeka. Namwino wake anali mayi wamfupi wa imvi dzina lake Sister Petrakis. Anaveka ana onse awiri zopumira kumaso, namangirira Declan pamachira, ndipo manja ake akugwira ntchito anayamba kufunsa. Anati akufuna kudziwa chimene chinkayaka ndi nthawi imene chinayaka, chifukwa chithandizo cha mwanayo chidalira zimenezo.

"Ndi firiji," anayankha a Gavin, mawu ali osasa. "Mwina ola limodzi. Ndinamata tepi potchinga fumbi, ndiye ndinaiwala kuchotsa. Wolakwa ndine, sisitala."

Namwino anayamba kulemba. Tahlia anayang'ana cholembera chikuyenda papepala. Akanatha kungokhala chete, chopumira chili kukamwa, ndipo palibe akanamufunsa. Bambo ake anali atamutsegulira kale njira. Koma ola limodzi silinali loona, firiji yokha sinali yoona, ndipo pepala limenelo ndi limene dokotala akawerenge poganiza zochita ndi Declan. Anakokera chopumira pansi.

"Si choncho, sisitala. Chitofunso chinkayaka, mbali zonse ziwiri. Pafupifupi maola awiri, mawindo otseka. Adadi anandifunsa za tepi, ine ndinawanamiza kuti ndachotsa."

Sister Petrakis anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. Anakhwatcha zimene analemba, nalemba zina, kenako anauza woyendetsa ndege kuti asapitenso ku Port Augusta monga anakonzera, koma apite ku chipatala chachikulu ku Adelaide, ndipo aimbiretu kuti akonzeke. Anabwezera chopumira kukamwa kwa Tahlia namuuza kuti asachivulenso.

M'ndege munalibe malo a bambo, ndipo Moss ndi galimoto zinkafuna munthu. Anagwirizana kuti amayi awo, amene anatsala ku Quorn chifukwa cha ntchito, akawachingamira kuchipatala. A Gavin anaima pakhomo la ndege, chipewa chili m'manja. Anatsegula pakamwa ngati akufuna kunena nthabwala, koma sinabwere.

"Ndikanatsika n'kukaona ndekha," anatero. "Anali mapazi asanu okha, mwana wanga. Ndinkathamangira kukaonetsa anthu luso." Anamufinya phewa. "Usamusiye dzanja."

Ndege itanyamuka, Tahlia anagwira dzanja la Declan. Linali lozizira. Namwino anali atanena mosabisa kuti mwanayo akhala m'chipatala masiku angapo, ndipo zoti utsiwo wasiya chilema kapena ayi zidziwika pambuyo pake. Tahlia anayang'anitsitsa chifuwa chaching'onocho chikukwera ndi kutsika.

Atadutsa pamwamba pa nyanja yamchere, zala za Declan zinagwedezeka. Zikope zinatseguka pang'ono. Maso ake anayendayenda padenga la ndege, pa namwino, mpaka anaima pa Tahlia, ndipo anakhala pamenepo nthawi yaitali ngati akufufuza dzina.

"Ndine ndani ine?" anafunsa Tahlia m'kati mwa chopumira.

Milomo ya mwanayo inasuntha. Tahlia anawerama mpaka khutu linagunda chopumira chake.

"Achemwali," ananong'ona Declan. "Mukundipweteka dzanja."

Tahlia anamasula zala pang'ono, koma dzanjalo sanalisiye mpaka ku Adelaide.